Mitsitsi ya ku Domwe ndi makapusozi a ku Ulaya

Bambo wa ku Domwe akayamba kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, mkodzo n'kumatuluka modontha, sathamangira kuchipatala cha ku Ulongwe. Amayamba wanong'oneza mnzake, mnzakeyo n'kumulozera kwa sing'anga. Amabwerako ndi mitsitsi yonyika m'botolo kapena ufa wothira m'phala. Ena amangotafuna gondolosi, poganiza kuti vuto lililonse la kumusi ndi mphamvu zachepa.

Ophunzira ena amaseka zimenezi, amvekere n'zachikale. Sadziwa kuti azibambo a ku Germany nawonso pa vuto lomweli amamwa nthanga za maungu, zomwezi amayi amasinja n'kutendera ndiwo, kungoti kumeneko amaziika m'makapusozi n'kumagulitsa ku famase. Makungwa a mtengo wa Prunus africana akhala akusendedwa ku Cameroon ndi ku Madagascar kupita ku France ndi ku Italy, mpaka mu 1995 mayiko anaika malamulo pa malonda ake poopa kuti mtengowo utha. Ku America amadalira zipatso za kanjedza wa ku Florida wotchedwa saw palmetto.

Kusiyana kuli pa kuyeza. Saw palmetto anamuyesa pa amuna 225 mu 2006, ndipo zinapezeka kuti sankaposa makapusozi opanda mankhwala. Mu 2011 anawonjezera mlingo katatu, koma zinali chimodzimodzi. Anthu akugulabe, poti munthu ndi munthu kulikonse, koma wofuna kudziwa zoona ali ndi pofunsa. Mitsitsi yathu yambiri sinayesedwe chotero, ndipo sitingaitame kapena kuinyoza ndi mtima wonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa si mtsitsiwo ayi, koma kuti botolo limodzi limaperekedwa pa matenda osiyanasiyana. Kukodza pafupipafupi kungakhale shuga. Kuotcha pokodza kungakhale chinzonono. Magazi mumkodzo kawirikawiri ndi likodzo, lomwe limamva mapiritsi a praziquantel, ndipo likalekereredwa zaka zambiri limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Kwa achikulire nthawi zambiri ndi pulositeti yotupa imene ikufinya njira ya mkodzo. Mzungu amatha kumeza nthanga zake dokotala atamupima kale magazi ndi mkodzo. Bambo wathu, chifukwa cha manyazi ovula pamaso pa namwino wamsinkhu wa mwana wake, amapirira mpaka mkodzo utatsekeka, chinena chitafufuma, achibale n'kumukweza panjinga yamoto usiku kuti akamuike kapaipi.