Kampani Imene Inamanga Holo ya Mulungushi

M'caka ca 1970, Zambia inavomera kulandira msonkhano wa atsogoleri a maiko osakondera America kapena Russia, koma mu Lusaka munalibe nyumba yoyenera alendo otere. Nchito yomanga inapatsidwa kwa Energoprojekt, kampani ya ku Yugoslavia imene inayamba mu 1951 ku Belgrade monga kagulu ka akatswiri olemba mapulani a nchito za magetsi ndi madzi. Apa n'kuti itakula kale, ili kumanga damu la Kafue Gorge.

Nthawi inali yocepa, koma m'miyezi inayi cabe holo ya Mulungushi inatha, ndipo mu September Dr Kenneth Kaunda analandira alendo ake popanda manyazi. Nyumbayo ikali cilili m'mbali mwa Great East Road.