Kalata Yolemba Pamanja m'Nyengo ya Lamya za M'manja: Phunziro la Aanabaptisti kwa Okonza za Ziyankhulo ku Salima

1.0 Mawu Oyamba

Cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza chimene chimachitikira chiyankhulo pamene eni ake aleka kulemberana makalata pamanja. Ndalemba pepalali ndili ku Kuti, m'boma la Salima, kumene Achewa ndi Ayao akhala moyandikana kwa zaka zoposa 100, makamaka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Ndiyamba ndi anthu akutali, gulu la Aanabaptisti lotchedwa Amish, chifukwa iwo asunga mwambo wa makalata mwadala. Kenaka ndiyerekeza zochitika pakati pawo ndi zathu zakuno.

2.0 Aanabaptisti ndi Makalata Awo

Aanabaptisti adayamba ku Zurich mu Januwale 1525, pamene Conrad Grebel, Felix Manz, George Blaurock ndi anzawo adayamba kubatiza akuluakulu okhulupirira m'malo mwa makanda. Adazunzidwa kwambiri, ndipo kalata idali njira yolimbikitsirana. Buku lawo la Martyrs Mirror, la 1660, lasunga makalata ambiri olembedwa m'ndende. Gulu la Amish lidapatuka mu 1693 motsogozedwa ndi Jakob Ammann. Lero anthu ake ali pafupifupi 400,000, ndipo ambiri a iwo ali ku United States.

Cha m'ma 1910 a Amish a ku Pennsylvania adakana kukhala ndi lamya m'nyumba. Ambiri amaiika m'kanyumba kapadera kunja, koti mabanja angapo azigwiritsa ntchito. Chifukwa cha ichi kalata idakali ndi ntchito zitatu pakati pawo. Yoyamba ndi kalata yozungulira: anthu angapo, monga apachibale kapena aphunzitsi, amatumizirana envulopu imodzi, aliyense akailandira amawerenga makalata onse, amachotsa yake yakale, naikamo yatsopano, naitumiza kwa wotsatira. Yachiwiri ndi makadi ochuluka amene amatumizira wodwala kapena woferedwa, ngakhale asakumudziwa. Yachitatu ndi nyuzipepala monga The Budget, imene idayamba ku Sugarcreek, Ohio, mu 1890, ndi Die Botschaft ya 1975, zimene masamba ake ambiri ndi makalata ochokera kwa alembi a m'midzi, ofotokoza za nyengo, mapemphero, alendo, maukwati ndi maliro.

Chofunika kwa ife ndi kagawidwe ka ntchito pakati pa ziyankhulo zawo. Pakhomo ambiri amayankhula Chijeremani cha ku Pennsylvania. Popemphera amawerenga Baibulo ndi buku la nyimbo la Ausbund, la 1564, m'Chijeremani chakale cha m'mabuku. Koma makalata amalemba m'Chingerezi, chimene amaphunzirira kusukulu. Tsono chiyankhulo cha pamtima sichilembedwa kawirikawiri, komabe sichidafe.

Aanabaptisti alipo ndi kuno kwathu. Mpingo wa Brethren in Christ, umene udafika ku Matopo mu 1898 ndi ku Macha mu 1906, udayamba ntchito m'Malawi m'zaka za m'ma 1980, ndipo wa Mennonite Brethren udayambira ku Dzaleka m'boma la Dowa. Koma mipingo imeneyi sikana lamya, motero kulemberana kwa anthu ake kwasintha monga kwa Amalawi ena onse.

3.0 Kalata ya Chichewa

Mawu enieni a mwambowu akuonetsa kumene udachokera. "Kalata" ndi mawu obwereka ku Chipwitikizi "carta". "Keyala" adachokera ku mawu a Chingerezi akuti "care of", popeza munthu wa kumudzi adalibe bokosi lake ku positi, ndipo ankalandirira makalata kudzera kusukulu, kumishoni kapena kwa mfumu. Mawu amodziwa akutiuza kuti kalata inkadutsa m'manja ambiri isanafike kwa mwini wake.

Zinthu ziwiri zidaukulitsa mwambowu. China ndi sukulu za mishoni, monga za Dutch Reformed Church zimene zidayambira ku Mvera mu 1889, pamtunda poyang'anana ndi chigwa cha Salima. China ndi ulendo wa amuna kunka ku Halale ndi ku Joni. Wenela idanyamula anthu ochuluka kufikira 1974, pamene ndege idagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, boma niliimitsa kulemba anthu ntchitoyo kwa zaka zingapo. Kwa mkazi wotsala kumudzi, kalata ndiyo inkasiyanitsa mwamuna wokumbukira kwawo ndi mtchona.

Kawirikawiri wotumiza sadali wolemba, ndipo wolandira sadali wowerenga. Mwana wa sukulu ankalemba zimene agogo ake akunena, wina nakawerenga mokweza pamaso pa banja. Nchifukwa chake kalata yaubale idatengera dongosolo la malonje a pakhomo. Chitsanzo (1) ndachipeka ndekha pofuna kuonetsa dongosololi:

(1) Okondedwa Bambo,
Ndalemba kalatayi pofuna kumva za moyo wanu pamodzi ndi amayi ndi ana onse kumudziko. Ine kuno ndili bwino, kaya inu. Chimene ndalembera ndi ichi: ndalama za ulendo zandithera, ndiye ndati ndikudandaulireni. Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali.
Ndatha ine mwana wanu.

Taonani kuti pempho likubwera pachitatu, moyo wa wolandira ndi wa wolemba utafunsidwa kale. Ulemu ukuonekera m'malo anayi: m'mphatikiram'mbuyo wa "a-" pa maina a achibale, m'mlowam'malo "inu" ndi "wanu", m'mphatikiram'tsogolo wa "-ni" pa mneni, ndi m'kuzungulira kwa mawu akuti "ndati ndikudandaulireni". Yerekezani ndi (2), uthenga wa mtundu umene timauona pa lamya:

(2) Dad bho? tumizani ya transport mawa zkm

Pano "-ni" watsala, kusonyeza kuti ulemu wa m'kati mwa mneni ndi wolimba. Chimene chagwa ndi ulemu wa m'dongosolo la nkhani: malonje asanduka liwu limodzi, achibale ena satchulidwa, ndipo pempho lafika msanga. Kulemba "zkm" m'malo mwa "zikomo" nkotheka chifukwa Chichewa chili ndi malembo a liwu 5 okha, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera ku lembo la liwu, kotero wowerenga amawabwezeretsa mosavuta. Chizolowezichi chidakula pamene uthenga umodzi unkaloledwa zilembo 160 zokha.

Kalata yapamanja imasunganso mbiri ya kalembedwe:

(3) a. cifukwa cace
b. chifukwa chache
c. chifukwa chake

Kalembedwe ka (3a) nka Buku Lopatulika lakale, ndipo "c" wopanda "h" akugwirabe ntchito m'Chinyanja cha ku Zambia. Ka (3b) nkapakati, kopezeka mwa olemba achikulire. Ka (3c) nkamene sukulu zaphunzitsa chikhazikitsireni Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968 ndi Chichewa Board mu 1972. Wofufuza akaona kalata yopanda tsiku angathe kuyerekeza nthawi ndi sukulu imene wolemba adaphunzira. Mabuku osindikizidwa sapereka umboni wotere, popeza mkonzi adasalaza kale zonse.

4.0 Kuyerekeza

Myao wa ku Salima amafanana ndi Mu-Amish pa mfundo imodzi: pakhomo amayankhula Chiyao, ngati ndi Msilamu amapemphera m'Chiarabu, kalata yaubale amalemba m'Chichewa chimene adaphunzira kusukulu, ndipo yantchito m'Chingerezi. Wina angaganize kuti, monga Chijeremani cha ku Pennsylvania chakhala osalembedwa, Chiyao nachonso sichifunika kulembedwa. Maganizo amenewa ndi olakwika. A Amish amakwatirana okhaokha, ambiri ali ndi sukulu zawozawo, ndipo khoti lalikulu la dziko lawo lidawalola mu 1972 kulekezera ana m'kalasi 8. Mpanda umenewu ndiwo wateteza chiyankhulo chawo. Chiyao cha ku Salima chilibe mpanda wotere: pamsika, pa doko la asodzi ndi m'mabanja osakanizika Chichewa ndicho chimalamulira. Lamulo la 1996 loti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo chawo silidakwaniritsidwe mokwanira, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira.

Lamya nayo siyoononga yokhayokha. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp walola agogo osadziwa kulemba kuyankhula ndi mdzukulu ali ku Johannesburg m'Chiyao, popanda mlembi pakati, ndipo malonje onse amamveka. Kuyankhula kwapindula, chimene chachepa ndi chizolowezi cholemba ziganizo zazitali zolongosoka m'ziyankhulo zathu. Ndiponso kalata imakhala m'sutikesi zaka 50, pamene uthenga umatayika pamodzi ndi lamya.

5.0 Zoyenera Kuchita

Poyamba, Centre for Language Studies, imene idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, pamodzi ndi National Archives ku Zomba, zisonkhanitse makalata akale eni ake atavomera, maina atabisidwa. Chiswe ndi madenga odontha sizidikira. Chachiwiri, pokopera makalatawa pasakhale kukonza kalembedwe, pakuti chimene mphunzitsi angachitche cholakwa ndicho umboni wa wofufuza. Chachitatu, phunziro la kalata yaubale lisathere pa mayeso. Ana a sukulu za ku Salima angathe kulemberana ndi anzawo a ku Mangochi kalata yozungulira, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe. Chachinayi, mawu a mu Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000 aikidwe m'zida zolembera pa lamya, kuti lamya ileke kusandutsa mawu athu kukhala a Chingerezi.

A Amish adakhala pansi nasankha chimene alandire ndi chimene asunge. Ife sitingakane lamya, ndipo sitiyenera kutero. Koma makalata a m'nthawi ya Wenela ali m'manja mwa okalamba, ndipo ntchito yowasonkhanitsa iyenera kuyamba iwo adakali moyo kuti atiuze amene adalemba ndi amene adawerenga.