Ziwerengero za odwala n'za yani, nanga azilipirira ndani?

Ku Entre Lagos, m'boma la Mecanhelas ku Mozambique, anthu sawerengera malire akadwala. Njanji ya ku Nacala imadutsa pomwepo kulowa pa Nayuchi ku Machinga, asodzi a mbali zonse amakumana pa Chilwa ndi pa Chiuta, ndipo mayi wodwazika mwana amathamangira chipatala chapafupi, kaya n'cha Mozambique kaya cha Malawi. Matenda nawonso amayenda momwemo. Kolera yemwe adapha anthu oposa 1,700 m'Malawi adayambira ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho adabukanso ku Niassa, chigawo chomwe kuli Mecanhelas.

Zomwe namwino walemba m'kaundula zimawonkhetsedwa pakutha pa mwezi n'kulowetsedwa m'kompyuta. Ku Mozambique dongosololi limatchedwa SIS-MA, ndipo lidamangidwa pa pulogalamu ya DHIS2, yomwe Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umagwiritsanso ntchito. Mizu ya DHIS2 ili ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, ulamuliro watsankho utangotha, ndipo lero amaisamalira ndi a University of Oslo ku Norway. Saigulitsa. Boma lililonse limaitenga ulere n'kusunga lokha ziwerengero zake.

Umenewu ndiye mwayi wofunika kuuteteza. Kampani yogulitsa pulogalamu imafuna ndalama za laisensi chaka ndi chaka, ndipo boma likalephera kulipira likhoza kuvutika kupeza mbiri ya odwala ake omwe. Ina ikhoza kuipereka motchipa, phindu n'kumalipezera pa zinsinsi za anthu, monga za yemwe amalandira ma ARV. M'dera lomwe aliyense amadziwana, chinsinsi chotere chikaululika munthu amasiya mankhwala.

Komabe pulogalamu yaulere siigula mayunitsi a intaneti, siikonza sola ikafa, siilipira kalaliki wolowetsa manambala. Zambiri mwa izi zakhala zikudalira mabungwe akunja, makamaka PEPFAR ya boma la America, ndipo America itaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025 zidaonekeratu kuti maziko ake ngosalimba. Ine ndikuona kuti ndalamazi ziyenera kulowa mu bajeti ya boma pamodzi ndi za mankhwala, chifukwa ziwerengero zomwezi n'zomwe zimathandiza kudziwa kuchuluka kwa mankhwala a malungo oyenera kutumizidwa dzinja lisanafike.

Ndipo manambalawa asamangokwera kupita ku Lichinga, likulu la Niassa, ndi ku Maputo. Azibwereranso kwa namwino yemwe adawalemba. Popeza maiko awiriwa ali pa pulogalamu imodzi, chatsala ndi mgwirizano woti odwala matenda otsegula m'mimba akachuluka pa Nayuchi, azaumoyo a ku Mecanhelas adziwe sabata yomweyo, popanda kutchula dzina la wodwala aliyense.