Ku Park Station, mlendo akusowa womuchingamira

Basi yochokera ku Blantyre imafika pa Park Station ku Joni itadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Mnyamata wa ku Mangochi kapena Mzimba amatsika miyendo itatupa, m'thumba muli nambala ya msuweni amene analonjeza kudzamuchingamira. Nthawi zina foniyo imangoitana. Anthu ali piringupiringu kuthamangira sitima ya Gautrain ndi maminibasi a pa siteji ya Noord, koma womupatsa moni palibe.

Kusungulumwa kwa ku Joni n'kwakale. Agogo athu a Wenela anakulawa m'makomboni a migodi, ena mpaka kutchona. Kamuzu Banda nayenso, ali mnyamata wogwira ntchito pa mgodi ku Boksburg, anapeza abale mu mpingo wa African Methodist Episcopal, umene unamuthandiza kupita kusukulu ku America mu 1925.

Chapafupi ndi Park Station, mu msewu wa Pritchard, muli tchalitchi cha Central Methodist. Bishopu Paul Verryn anatsegula zitseko zake kwa othawa kwawo, makamaka a ku Zimbabwe. Ziwawa zodana ndi obwera za mu May 2008 zitapha anthu 62, khamu linakula, anthu n'kumagona pamabenchi, m'makonde ndi pamasitepe. Mavuto analipo, sitibisa: uve, kuthithikana, madandaulo a nkhanza, ndipo pofika kumapeto kwa 2014 anthuwo anauzidwa kuti atuluke. Komabe kwa zaka zingapo, munthu wopanda wachibale mumzindawu ankadziwa khomo limene sangamubwezepo.

Amalawi nawo ali ndi mipingo yawo m'maholo alendi, kumene Lamulungu nyimbo za Chichewa ndi Chitumbuka zimamveka ngati kumudzi. Pamaliro ndiye sagona. Uthenga umawanda pa WhatsApp, msonkhamsonkha umachitika, thupi limakwera ulendo wopita kwawo. Izi n'zotamandika, ndipo mabanja ambiri aika m'manda ana awo chifukwa cha dzanja limeneli.

Chondiwawa n'chakuti wamoyo sitimuthamangira chotere. Pali mayi wogwira ntchito ya m'nyumba amene amagona m'kachipinda kakuseri kwa bwana, sabata n'kutha osayankhula chinenero chake. Pali mnyamata wa m'munda wamaluwa amene pasipoti yake inatha masiku, ndiye amaopa kukwera minibasi kupita kutchalitchi poti apolisi angamufunse mapepala. Akuluampingo amayendera nkhosa zolembedwa m'kaundula, pamene awa sanalembedwe paliponse. Ambiri a iwo timamva mayina awo koyamba pa uthenga wosonkhetsa ndalama za bokosi.