Mnyamata wa ku India Amene Analemba Buku

Anzanga, ambiri a ife timayesa kuti kulemba mabuku ndi nchito ya akulu a imvi okha. Tamvani za Ruskin Bond.

Iyeyu anabadwira ku Kasauli, m'dziko la India, m'caka ca 1934. Atate ace anamwalira iye ali ndi zaka 10. Atatsiriza sukulu ku Shimla, anaoloka nyanja m'caka ca 1951 kukagwira nchito ya ukalaliki pa cisumbu ca Jersey, ndipo pambuyo pace ku London. Kucilendoko anapukwa kwao kwambiri. Tsono anatenga kabuku kamene analikulembamo zocitika za tsiku ndi tsiku akali kwao ku Dehradun, nayamba kukasandutsa nkhani, ali ndi zaka 17. Bukulo, The Room on the Roof, linasindikizidwa m'caka ca 1956, ndipo m'caka cotsatira linapata mphotho ya John Llewellyn Rhys.

Ndalama zoyamba za bukulo analipirira sitima yobwerera kwao. Atafika ku Dehradun analibe malipiro a pamwezi. Analikutumiza nkhani ndi ndakatulo ku manyuzipepala, ndipo cakudya cace cinalikucokera m'zimene akonzi anazilandira. M'caka ca 1963 anakakhazikika kumapiri a ku Mussoorie, kumene analemba mabuku ambiri a ana.

Taonani, mnyamatayu sanadikire nkhani zodabwitsa ai: analemba za anzace ndi za kwao. Nanga ife tiribe anzathu? Tiribe kwathu? Gulani kope, muyambe kulembamo madzulo ano.