Mkazi wa Tchaikovsky: mlandu womvedwa mbali imodzi

Kwathu kuno ku Marávia, kaya ndi pa Fingoè kaya m'midzi ya m'malire a Zambia, banja likagwedezeka ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi. Mwamuna amanena zake, mkazinso zake. Mayi wina wa ku Russia, Antonina Milyukova, mwayi umenewu sanaupeze, ndipo za iye ndi zimene zili m'filimu ya Tchaikovsky's Wife imene Kirill Serebrennikov anatulutsa mu 1922 kuwonjezapo zaka 100, ndiye kuti mu 2022.

Mwamuna wake anali Pyotr Tchaikovsky, katswiri wopeka nyimbo zoimbidwa ndi gulu lalikulu la zing'wenyeng'wenye, malipenga ndi ng'oma. Anabadwa mu 1840, namwalira mu 1893, koma nyimbo zake monga Swan Lake zikumvekabe dziko lonse.

Anayamba ndi Antonina, kumulembera makalata a chikondi. Anakwatirana ku Moscow mu 1877, mwamunayo ali ndi zaka 37. Koma mtima wa Tchaikovsky unkakonda amuna anzake, osati akazi. Ukwatiwo unali chofunda chotsekera pakamwa anthu amiseche ndi kusangalatsa bambo ake okalamba. Miyezi itatu isanakwane, mkamwini anathawira ku Switzerland, osabwereranso m'nyumbamo.

Apa ndi pamene filimuyi ikuwawa. Abale a mwamuna anabwera ndi ndalama kuti mayiyo avomere kuthetsa ukwati, iye anakana. Ukwati sunathe mpaka imfa. Anabereka ana atatu ndi mwamuna wina, onse nawasiya kunyumba ya ana amasiye, ndipo palibe anakula. Zaka 20 zomaliza anakhala m'chipatala cha odwala misala, komwe anafera mu 1917.

Amene analemba mbiri ya katswiriyu anali mng'ono wake, Modest. Inu awerengi mukudziwa mmene mlamu amaweruzira mlandu wa mbale wake! Antonina anasanduka chitsiru chimene chinafuna kupha luso la munthu wamkulu, ndipo filimu yakale ya Ken Russell, The Music Lovers, inapitiriza kumuonetsa ngati wosokonekera mutu ndi chilakolako.

Serebrennikov samuyeretsa mayiyu ayi. Ndi wamakani, wokakamira pamene sakufunidwa, nthawi zina mpaka woonera amatopa naye. Koma kamera imatsata iye, pamene mwamuna wotchukayo amangooneka mwa apo ndi apo, ngati mlendo m'banja lake lomwe.