Kumsasa ufa umafika msanga kuposa mankhwala

Aliyense wa ku Chiradzulu amene anali ndi maso mu Marichi 2023 sangaiwale mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe. Mvula ya namondwe wa Freddy itagwa masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinagumuka kuphiri n'kukokolola nyumba pamodzi ndi anthu. Opulumuka anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi atavala zomwe anagona nazo. Pa 13 Marichi, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, analengeza kuti kuchigawo chakummwera kwagwa ngozi yaikulu, ndipo pomaliza anthu oposa 650,000 anasowa pokhala.

Thandizo linabwera: ufa, nyemba, mabulangete, ndowa, matenti. Koma pali chinthu china chimene ife achipatala timachiona mochedwa, mwina patatha milungu iwiri kapena itatu. Madzi amene anatenga nkhokwe anatenganso botolo la mankhwala ndi buku la kuchipatala. Njala imaonekera pankhope. Kusowa kwa mankhwala sikuonekera mpaka munthu atagwa.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa mmene thandizo limayendera. Ku likulu kuli DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Pansi pake ntchito imagawidwa m'magulu: la zaumoyo, lotsogozedwa ndi Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi WHO, la madzi ndi ukhondo, momwe muli UNICEF, la chakudya, momwe muli WFP, ndi ena oona za pogona, maphunziro ndi chitetezo cha amayi ndi ana. Paboma zonsezi zimakumana m'manja mwa bwanamkubwa ndi khonsolo, kenako zimatsikira kumakomiti a kwa T/A ndi a m'midzi, omwe ambiri tinazolowera kuwatchula kuti ACPC ndi VCPC. Makwerero ndi ambiri, koma onse amadalira pepala limodzi, kaundula wa pamsasa. Wa ku Lilongwe sakuonani. Amaona nambala imene komiti yanu yatumiza.

Vuto ndi loti kaundula wotere kawirikawiri amafunsa dzina la mwini banja ndi chiwerengero cha anthu, chifukwa ufa umagawidwa motero. Safunsa kuti ndani ali ndi pakati, ndani amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Apa ndipo inu a volontiya, pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, muyenera kutsegula kope lachiwiri tsiku loyamba lomwelo. Mulembemo amayi oyembekezera ndi mwezi umene akudikira, ana osakwana zaka 5, okalamba, olumala, ndi onse amene ali pa mankhwala a nthawi yaitali.

Ndikhalitse pa gulu lomalizali, chifukwa ku Chiradzulu nkhaniyi ndi yaikulu. Boma lino ndi kumene bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV mchaka cha 2001, pamene m'zipatala zambiri za boma munalibe. Choncho kuno kuli anthu amene amwa mankhwalawa zaka zoposa 20, ali ndi thanzi, akulera zidzukulu. Munthu wotere akadukiza milungu ingapo, kachilombo kamayambanso kuchuluka m'magazi. Wa TB akasiya mankhwala asanamalize miyezi 6, matenda angabwererenso ndipo angakhale ovuta kuchiza, komanso akugona m'kalasi limodzi ndi anthu makumi asanu. Wa khunyu akasiya mwadzidzidzi, kugwa kumayambiranso, ndipo pamsasa pali moto wophikira paliponse ndi maenje odzaza madzi. Wa shuga ndi wa BP nawonso alipo, ngakhale savuta kuwaiwala.

Koma musaimirire pabwalo n'kufuula kuti omwa ma ARV akweze manja. Palibe amene angakweze, ndipo mwawathamangitsa. Lengezani kuti aliyense amene anataya mankhwala a mtundu uliwonse akumane ndi a zaumoyo pamalo apadera, nthawi yakutiyakuti. Kope limeneli lisungidwe ndi mlangizi wa zaumoyo, osati a komiti yogawa chakudya. Ndipo inu amene buku lanu linapita ndi madzi, musachite manyazi kapena kudikira kuti msewu wa kuchipatala chanu ukonzedwe. Pitani kumene mungafike, kaya ndi Namitambo, Nguludi kapena chipatala chachikulu paboma. Nenani kumene mumalandira, ndipo ngati mukukumbukira nambala yanu itchuleni. Achipatala ali ndi njira zotsimikizira n'kukupatsani mankhwala ogwirizira.

Chiwerengero cholondola chimathandizanso pa madzi ndi zimbudzi. Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mabungwe othandiza ali ndi muyeso umene amagwirizana padziko lonse: malita 15 a madzi pa munthu patsiku, ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20, ngakhale masiku oyambirira amalola mpaka 50. Sukulu ya zimbudzi 8 ikalandira anthu 900, werengani nokha. Mukapita kwa a zaumoyo ndi manambala otere, pempho lanu limamveka kuposa kungoti "zimbudzi zachepa". Madzi akumwa athiridwe klorini ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Mwana akayamba kutsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, muyambe kum'mwetsa muli panjira yopita kwa achipatala. Chimbudzi chikakhala cha madzi okhaokha ngati otsukira mpunga, nenani ola lomwelo. Musadikire msonkhano wa komiti.

Ndinenepo pang'ono za anthu akufuna kwabwino. Galimoto imafika pamsasa wa m'mbali mwa tala, kugawa, kujambulitsa, kubwerera. Mawa lake inanso imafika pomwepo, pamene msasa wa kuseri kwa mlatho woduka sunaone kanthu. Sindikuwanyoza, mtima wawo ndi wabwino. Koma afunseni mwaulemu ngati adutsa kukhonsolo. Ndipo mkaka wa m'chitini wa makanda usagawidwe chisawawa. Pamalo opanda madzi abwino, botolo limabweretsa kutsegula m'mimba, ndipo mayi akasiya kuyamwitsa mkaka wake umachepa. Mayi woyamwitsa apatsidwe chakudya iyeyo.

Palinso zochitika usiku. Thandizo ndi laulere, ndipo aliyense wofuna ndalama kapena thupi la mtsikana kuti am'lembe m'kaundula wapalamula mlandu. Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Nkhanza kwa ana mungazinene pa nambala yaulere ya 116.

Nthawi imene ine ndimaiopa kwambiri ndi yotseka msasa. Sukulu ziyenera kutsegulidwa, choncho anthu amabalalika: ena kumabwinja awo, ena kwa abale ku Limbe kapena ku Bangwe, ena kumalo atsopano amene apatsidwa. Mabungwe amachepa, chipatala choyendayenda chimasiya kubwera, ndipo kope lija limatsala m'kabati ya aphunzitsi. Musalole zimenezo. Banja lisanachoke, lembani kumene likupita ndi chipatala chimene chili pafupi nako, dzinalo liperekedwe kwa mlangizi wa zaumoyo wa kumeneko. Wa ma ARV kapena TB amene akusamukiratu atenge kalata yom'samutsira. Mwana amene anayamba kulandira chiponde apitirize mpaka achipatala atam'tulutsa, ndipo amene anaphonya katemera wa chikuku kapena wina aliyense apite kusikelo ngakhale khadi linatayika.

Mukafika kumudzi, mjigo kapena chitsime chimene chinamizidwa musachikhulupirire chifukwa madzi ake akuoneka oyera. Zimbudzi zimene zinagwa zinatsanulira zonse pansi. Uzani a zaumoyo adzachithire mankhwala, ndipo kufikira atatero, pitirizani kuthira klorini m'ndowa ya kunyumba kapena kuwiritsa madzi akumwa.